Kalasi yosokosera: yesani kaye pa kompyuta musanagule siling'i

Mphunzitsi amafika Lachisanu mawu atasasa, koma mwana wa pa desiki yakumbuyo akulembabe 50 pamene wauzidwa kuti "fifteen". Nkhaniyi ikafika ku komiti ya sukulu, anthu amathamangira kugula. Ena amamata mathireyi a mazira kukhoma, ena amabweretsa sipika, ena amakhoma siling'i ya pulayiwudi n'kuipaka penti yonyezimira. Ndalama zimatha, kalasi n'kumasokoserabe ngati diramu lopanda kanthu.

Vuto limakhala kugula musanadziwe kuti chipindacho chikusowa chiyani, chochuluka bwanji, ndiponso chiikidwe pati. Mafunso atatuwa kompyuta imayankha musanakhome msomali ndi umodzi womwe, bola muipatse manambala oona. Malangizowa ndi a kalasi imene ambirife timaidziwa: makoma a njerwa opaka pulasitala, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Manambala a chitsanzo ndi a kalasi yongoyerekeza ya mamita 9 m'litali ndi 7 m'lifupi. Inu muikamo anu.

## Zofunika musanayambe

- Tepi yoyezera ya mamita 10 kapena kuposa, kope ndi pensulo.
- Mabaluni akuluakulu okwana 10 ndi singano yophulitsira.
- Foni yotha kujambula mawu n'kuwasunga mu fayilo ya WAV. Maikolofoni yoyezera ya USB, monga UMIK-1, ndi yabwino koposa, koma foni imakwanira pa ntchito ino.
- Pulogalamu ya pa foni yoyezera kukula kwa phokoso mu dBA.
- Laputopu yokhala ndi Excel kapena LibreOffice Calc.
- Audacity ndi Room EQ Wizard, imene ambiri amangoiti REW. Onse awiri ndi aulere.
- I-Simpa, pulogalamu yaulere yoyerekezera kayendedwe ka mawu m'chipinda, yochokera ku Université Gustave Eiffel ku France.
- SketchUp, FreeCAD kapena Blender, ngati mukufuna kujambula denga monga momwe lilili.
- Munthu wachiwiri wokuthandizani.

ODEON, CATT-Acoustic ndi EASE ndi mapulogalamu amene akatswiri amagwiritsa ntchito pokonza maholo akuluakulu. Ndi ogula ndipo ndi odula. Kalasi ya makona anayi siwafuna.

## Mulingo umene mukuthamangira

Nambala yaikulu pa ntchito yonseyi ndi RT60, nthawi imene mawu amatenga kuti azilale ndi 60 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu) munthu akasiya kulankhula. Ikatalika, mchira wa liwu loyamba umaphimba mutu wa liwu lotsatira, ndipo zilembo zopepuka monga s, f, t ndi k ndi zimene zimayamba kusowa.

Mulingo wa ku America, ANSI S12.60, umati kalasi yosapitirira 283 m³ ikhale ndi masekondi 0.6 kapena kucheperapo, ndipo phokoso la m'kalasi mopanda anthu lisapose 35 dBA. Bungwe la WHO limapereka manambala omwewa. Malangizo a ku England a BB93 amalola masekondi 0.8 pa kalasi yakale ya pulayimale imene ikungokonzedwa, koma amafuna 0.4 m'chipinda chophunzitsira ana a vuto la kumva. Ngati mukukonza chipinda cha ana otere, gwirani nambala yomalizayi.

Kwathu kuno, kumene mawindo amakhala otsegula chifukwa cha kutentha, 35 dBA ndi yovuta kufikira. Koma kutsitsa RT60 kufika pakati pa 0.6 ndi 0.8 n'kotheka, ndipo khutu limamva kusinthako tsiku lomwelo.

## Gawo 1: Siyanitsani mavuto awiri

Lowani m'kalasimo ana atatuluka koma makalasi oyandikana nawo akuphunzira. Yezani phokoso ndi foni kwa mphindi zisanu. Kenaka ombani m'manja kamodzi mwamphamvu n'kumvetsera.

Kuwombako kukamapitirira kulira m'chipindamo, vuto ndi mawu obwerera kuchokera kumakoma, ndipo malangizowa ndi anu. Koma mukamamva bwinobwino zimene akuimba a Sitandade 1 kuseri kwa khoma, muli ndi vuto lachiwiri, lolowa kuchokera kunja. Yang'anani m'mwamba. M'midadada yambiri khoma logawa makalasi limathera pa mtanda, osafika kumalata, ndipo phokoso limangodutsa pamwamba. Mankhwala ake ndi njerwa ndi matope kapena simenti, kutseka mpata umenewo. Palibe nsalu kapena siponji imene ingachite zimenezo.

Mawu a munthu wolankhula mwachizolowezi amakhala pafupifupi 60 dBA pa mtunda wa mita imodzi, ndipo ana amafuna kuti mawu a mphunzitsi apose phokoso ndi 15 dB. Mukapeza 55 dBA m'kalasi yopanda anthu, yambani ndi khoma lija.

Chenjezo: pulogalamu ya pa foni imatha kuphonya ndi ma dB angapo. Igwiritseni ntchito poyerekeza kale ndi tsopano, foni yomweyo, malo omwewo.

## Gawo 2: Yezani chipinda

Lembani m'litali, m'lifupi, kutalika kwa khoma, ndi kutalika kwa nsonga ya denga. Yezani mawindo onse, chitseko, ndi malo ena alionse otseguka: mabowo a njerwa zolowetsa mpweya, magalasi osweka, mpata wa pakati pa khoma ndi malata. Werengani madesiki. Jambulani zithunzi za khoma lililonse kuti musabwerere kusukulu chifukwa cha windo limodzi.

M'chitsanzo chathu khoma ndi lotalika mamita 3 ndipo nsonga ya denga ikukwera mamita 1.2 pamwamba pake. Mpweya wa m'munsi ndi 9 × 7 × 3 = 189 m³. Wa m'denga ndi theka la 7 × 1.2 × 9, pafupifupi 38 m³. Zonse pamodzi 227 m³.

Chenjezo: ambiri amaiwala mpweya wa m'denga. Popanda siling'i, malo amenewo ndi mbali ya chipinda.

## Gawo 3: Phulitsani baluni

Ili ndi gawo limene anthu amalumpha, chonsecho ndi limene limachititsa kuti zotsatira za kompyuta zikhale zodalirika. Pitani Loweruka kapena madzulo kuli zii. Madesiki akhale m'malo mwake, mawindo atsegulidwe monga momwe amakhalira pophunzira.

1. Mnzanu aime pamene mphunzitsi amaima, atanyamula baluni pa msinkhu wa mamita 1.5.
2. Ikani foni pa msinkhu wa khutu la mwana wokhala pansi pa desiki, kutali ndi khoma mita imodzi kapena kuposa, ndiponso kutali ndi baluni mamita awiri kapena kuposa.
3. Yambani kujambula, dikirani masekondi awiri, aphulitse, kenaka nonse mukhale chete osasuntha kwa masekondi asanu.
4. Chitani zimenezi pa malo atatu a foni: kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Kenaka mnzanuyo asunthire mbali ina ya bolodi, mubwereze. Mukhala ndi mafayilo 6.
5. Mu Audacity dulani fayilo iliyonse kuti iyambire pafupi ndi kuphulikako.
6. Mu REW lowetsani fayiloyo ngati impulse response, tsegulani tsamba la RT60, muwerenge T20, yomwe ndi RT60 yowerengeredwa kuchokera pa kuzilala kwa 20 dB, pa 500, 1000 ndi 2000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Pezani avereji ya manambala atatuwo, kenaka avereji ya mafayilo onse.

Chenjezo loyamba: musatumize mafayilowa ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp. Amafinyidwa ndipo mchira wa mawu, womwe ndi umene mukuyeza, umawonongeka. Gwiritsani ntchito waya.

Chenjezo lachiwiri: mafoni ambiri amadzikwezera okha mphamvu yojambulira kukakhala chete, n'kutalikitsa mchira uja mwabodza. Zimitsani zonse zochepetsa phokoso ndi zodzisinthira zokha. Mukaona mu Audacity kuti nsonga ya kuphulika yadulidwa pamwamba ngati tebulo, talikitsani foni mubwereze. T20 imafuna kuti kuphulika kupose phokoso la pamalopo ndi 35 dB, choncho chigayo chapafupi chikamalira dikirani chizime.

## Gawo 4: Werengerani kaye mu Excel

Chinthu chilichonse chili ndi nambala yosonyeza gawo la mawu limene chimayamwa, kuyambira 0 mpaka 1. Simenti imabweza pafupifupi zonse. Windo lotsegula ndi 1, chifukwa mawu otuluka sabwereranso. Chulukitsani kukula kwa malo ndi nambala yake, muphatikize zonse, mupeze A. Kenaka gwiritsani ntchito njira ya Sabine, momwe V ndi kuchuluka kwa mpweya wa m'chipinda mu m³:

RT60 = 0.161 × V ÷ A

Chitsanzo chathu pa 500 Hz:

| Malo | m² | Nambala | Zotsatira |
|---|---|---|---|
| Pansi pa simenti | 63 | 0.02 | 1.3 |
| Makoma a pulasitala | 92 | 0.03 | 2.8 |
| Malata | 67 | 0.08 | 5.4 |
| Magalasi otseka | 5 | 0.18 | 0.9 |
| Mawindo otsegula | 5 | 1.00 | 5.0 |
| Chitseko | 2 | 0.10 | 0.2 |
| Madesiki onse | | | 2.0 |

A ndi pafupifupi 17.5, ndipo RT60 ndi 0.161 × 227 ÷ 17.5, masekondi 2.1. Ndi katatu ndi theka kuposa mulingo. Taonaninso kuti mawindo otsegula a 5 m² okha akugwira ntchito yoposa makoma onse ndi pansi pomwe. N'chifukwa chake kalasi imaipiratu mu Juni ndi Julayi ana akatseka mawindo pothawa mphepo.

Nambala ya malata ndi ya madesiki ndi zoyambira chabe, muzikonza pa Gawo 7.

Tsopano tembenuzani funso: kuti mufike pa 0.6 pakufunika A wochuluka bwanji? 0.161 × 227 ÷ 0.6 ndi 61. Muli ndi 17.5, mukuperewera ndi 43 kapena 44. Nambala imeneyi yokha imathetsa mikangano yambiri ya pa msonkhano wa komiti, chifukwa imasonyeza kuti makatani awiri a pawindo sangapite nayo kulikonse.

## Gawo 5: Mangani kalasi mu I-Simpa

Excel yakuuzani kuchuluka. Siingakuuzeni malo, chifukwa njira ya Sabine imaganiza kuti zoyamwa mawu zafalikira mofanana m'chipinda chonse. I-Simpa imatulutsa tinthu ta mawu tambirimbiri kuchokera pakamwa pa mphunzitsi, n'kutsatira kalikonse pamene kakugunda khoma, denga ndi pansi mpaka mphamvu yake itatha.

Njira yachidule ndi kusankha New scene n'kulemba miyezo ya bokosi. Pa kalasi yopanda siling'i perekani msinkhu wosunga kuchuluka kwa mpweya: 227 ÷ 63, mamita 3.6. Poyambira izi zimakwanira. Mukafuna denga lopendekeka, lijambuleni mu SketchUp kapena FreeCAD, mulisunge ngati STL, mulilowetse mu I-Simpa. Kujambulako kukakuvutani, wophunzira aliyense wa zomangamanga, monga a ku yunivesite ya MUBAS, angakuchitireni pa ola limodzi.

Gawani malo m'magulu: pansi, denga, khoma lakutsogolo, lakumbuyo, makoma a m'mbali, mawindo otseka, mawindo otsegula. Khoma lakumbuyo likhale gulu lakelake, ndipo siling'i muigawe pakati ndi m'mphepete, chifukwa mudzafuna kusintha malo amenewa paokhapaokha. Kenaka pangani zipangizo zanu pansi pa Materials, mulembe nambala yoyamwa mawu pa 125, 250, 500, 1000, 2000 ndi 4000 Hz, n'kupereka chipangizo ku gulu lililonse.

Pali nambala yachiwiri imene ambiri amaisiya pa ziro: yosonyeza mmene malo amabalalitsira mawu. Khoma losalala lipatseni pakati pa 0.05 ndi 0.1. Pansi podzaza madesiki perekani 0.5 kapena kuposa. Mukaisiya pa ziro, mawu amangoyenda uku ndi uku pakati pa makoma awiri osatha, ndipo RT60 imatuluka yaitali mopanda nzeru.

Chenjezo: chojambulacho chikhale chotsekeka mbali zonse. Windo lotsegula musalisiye ngati bowo. Lijambuleni ngati malo wamba n'kulipatsa nambala 1. Pakakhala kampata ngakhale kakang'ono pa ngodya, pulogalamu imakana kuwerengera.

Chenjezo lina: onani ngati miyezo yalowa mu mamita. Fayilo yosungidwa mu mamilimita imakupatsani kalasi yotalika makilomita 9. Ndiponso musajambule desiki iliyonse ndi miyendo yake, kapena mizere ya malata. Zimachedwetsa kompyuta popanda phindu.

## Gawo 6: Ikanimo mphunzitsi ndi ana

Ikani gwero la mawu pamene munaphulitsira baluni, pa msinkhu wa mamita 1.5, mita imodzi kuchokera pa bolodi. Ikani malo omvera pamene panali foni, muwonjezere ena pa ngodya ziwiri zakumbuyo ndi pafupi ndi mawindo. Ana okhala pa madesiki makutu awo ali pa mita imodzi mpaka 1.2. Ngati amakhala pansi, tsitsani kufika pa mamita 0.7.

I-Simpa ili ndi njira ziwiri zowerengera. Yambani ndi TCR, imene imatha msanga. Zotsatira zake za Sabine zifanane ndi za mu Excel. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti mwasokoneza gulu lina kapena muyezo. Zikafanana pitani ku SPPS, yotsatira tinthu tija. Perekani tinthu 100,000 kapena kuposa, ndipo nthawi yowerengera ikhale yoposa RT60 imene mukuyembekeza, monga masekondi 3 pa kalasi yosakonzedwa. Ikatha, pitani pa zotsatira za malo omvera aliwonse muitanitse manambala a kamvekedwe.

Thamangitsani kawiri. Manambala akasiyana moonekera, onjezerani tinthu.

## Gawo 7: Kompyuta igwirizane ndi baluni

Musayambe kuyesa siling'i kalasi ya mu kompyuta isanafanane ndi kalasi yeniyeni. Tiyerekeze kuti baluni inapereka masekondi 1.7 pamene kompyuta ikuti 2.1. Wolondola ndi baluni. Penapake mawu akutuluka kapena akuyamwidwa kuposa mmene mwalembera.

Funani malowo mwadongosolo. Yambani ndi zotseguka: kodi munawerengera mpata wa pansi pa malata? Mpata wa masentimita 10 m'mbali ziwiri za mamita 9 ndi pafupifupi 2 m² ya windo lotsegula. Nanga mabowo a njerwa, chitseko chimene chinali chotsegula, mabuku ndi matchati a pakhoma? Mukatha zimenezo sinthani nambala imene simuidziwa bwino kwenikweni, yomwe ndi ya malata, kenaka ya madesiki. Simenti ndi pulasitala musazikhudze, manambala ake ndi odziwika. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe m'kope chimene mwasintha.

Mukafika posiyana ndi baluni ndi 10 peresenti kapena kucheperapo pa 500, 1000 ndi 2000 Hz, lekani. Musataye nthawi ndi 125 Hz. M'chipinda chaching'ono ngati kalasi, mawu otsika kuposa pafupifupi 200 Hz sayenda ngati tinthu towongoka, ndipo mapulogalamu a mtundu uwu sawalondola. Foninso siwamva bwino.

Sungani fayiloyi padera, muitche "kalasi lero". Kuyesa kulikonse kuyambire pa kope lake.

## Gawo 8: Yesani njira zanu imodziimodzi

Apa ndiye pokoma, chifukwa kulakwitsa n'kwaulere. Pa njira iliyonse lembani zinthu zitatu: RT60, D50 ndi kukula kwa mawu pa mzere wakumbuyo. D50 ndi gawo la mawu limene limafika m'khutu mkati mwa mamilisekondi 50 oyamba, lomwe ndi lothandiza kumva. Ipose 50 peresenti pa desiki iliyonse, osati pa avereji yokha.

Siling'i ya pulayiwudi. Imachepetsa mpweya kufika 189 m³, koma imayamwa pafupifupi 0.1 chabe pa mawu olankhulira. Mu chitsanzo chathu RT60 imangotsika kuchoka pa 2.1 kufika pa 1.7. Imathandiza pa kutentha ndi pa mvula, koma mwana wakumbuyo uja sanapulumuke.

Siling'i yonse ya matailosi oyamwa mawu, a nambala 0.7. Excel ikuti 0.54, ndipo mungaganize kuti nkhani yatha. SPPS idzakupatsani nambala yokwererapo, chifukwa makoma onse anayi akadali olimba ndipo mawu oyenda chopingasa sagunda siling'i kawirikawiri. Onaninso kukula kwa mawu kumbuyo: kwatsika, popeza siling'i imene inkagwetsera mawu a mphunzitsi kwa ana akutali tsopano ikuwayamwa.

Pakati polimba, m'mphepete moyamwa, ndi khoma lakumbuyo. Siyani pakati pa siling'i, pafupifupi 23 m², pa pulayiwudi kapena bolodi lolimba, kuyambira pamwamba pa mphunzitsi. Ikani zoyamwa mawu 40 m² m'mbali ndi kumbuyo. Onjezerani 8 m² ya mapanelo a nambala 0.85 pa khoma lakumbuyo. Excel ikupereka 0.62. Pa pepala ikuoneka yogonja kwa njira yapitayi, koma yerekezani D50 ndi kukula kwa mawu pa mzere womaliza. Kwa ine iyi ndi njira yoyenera kuyesa poyamba m'kalasi yaitali. Khoma lakutsogolo lisiyeni lolimba, limathandiza mphunzitsi.

Popanda ndalama ya siling'i. Kuti mufike pa 0.8 ndi mapanelo okha pakufunika pafupifupi 34 m². Ndi ambiri, koma angagawidwe: khoma lakumbuyo chaka chino, khoma limodzi la m'mbali chaka chamawa, ena olendewera ku mitanda. Kompyuta ikuuzani gawo loyenera kuyamba nalo.

Pomaliza yesani njira imene mwasankha muli ana. Mwana aliyense mumuwerengere pafupifupi 0.25 m². Ana 60 ndi 15 m², zomwe zimatsitsa kalasi yathu yosakonzedwa kufika pa masekondi 1.1. Koma ana ochuluka amabweranso ndi phokoso lawo, ndipo milingo ija ndi ya kalasi yopanda anthu, choncho musadzinamize nazo.

### Nanga mphasa, mabulangete ndi ziguduli?

Zipangizo za kwathu zilibe manambala a kufakitale, koma mungathe kudziyezera nokha. Bwerekani zokwana 10 m², muzipachike mmene mukufuna kudzaziikira, muphulitsenso mabaluni. Pezani A watsopano ndi A wakale pogwiritsa ntchito 0.161 × V ÷ RT60, muchotsere, mugawe ndi 10. RT60 itatsika kuchoka pa 2.1 kufika pa 1.7 m'chipinda cha 227 m³, A wakwera kuchoka pa 17.4 kufika pa 21.5, ndiye kuti nambala ya chipangizocho ndi pafupifupi 0.4. Imeneyo ndiyo mulembe mu I-Simpa.

Yesani kawiri: chitamatidwa kukhoma, ndiponso chitatalikira khoma masentimita 5 mpaka 10. Chinthu chopyapyala chomatidwa kukhoma chimangogwira mawu okwera kwambiri. Mpata wa mpweya kuseri kwake umachithandiza kugwira mawu a pakati, omwe ndi olankhulira, popanda kuwonjezera tambala.

## Gawo 9: Pitani kwa kalipentala, kenaka yezaninso

Mupatseni chojambula chokhala ndi miyezo ndi malo enieni, osangoti "kumbuyoko". Panelo yosavuta ndi felemu ya matabwa yokuya masentimita 5, mkati mwake mineral wool kapena fibreglass (zipangizo za ulusi zooneka ngati thonje) ya mamilimita 50, kunja kokutidwa ndi nsalu. Nsaluyo iyeseni ndi pakamwa: mukauzira mpweya n'kudutsa mosavuta, ndi yabwino. Chitenje chopyapyala chimatheka. Pulasitiki ndi lona ayi.

Wodula fibreglass avale magolovesi ndi chotseka pamphuno, ndipo aikute bwino kuti ulusi wake usawulukire ana. Matabwa apakidwe mankhwala a chiswe. Mapanelo akhale pamwamba pa msinkhu umene ana amatsamira. Mukakhoma siling'i, tsekani mipata yonse ya m'mbali ndi sefa ya waya, apo ayi mwamangira mileme nyumba.

Ntchito ikatha bwerezani Gawo 3 pa malo omwe aja, foni yomweyo, mawindo mofanana. Manambala a kale ndi a tsopano ndi amene mudzaonetse komiti popempha ndalama ya kalasi yotsatira, ndipo fayilo ya mu I-Simpa ingagwire ntchito pa makalasi onse a mdadada womwewo.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Mathireyi a mazira. Maonekedwe ake amanyenga chifukwa amafanana ndi siponji ya mu situdiyo. Ndi opyapyala, sayamwa mokwanira mawu onse olankhulira, amasunga fumbi ndi mphemvu, ndipo amayaka msanga. Pulasitiki yoyera yopepuka ija yotetezera katundu m'makatoni nayonso mpweya sulowamo, choncho siyamwa mawu.

Kupaka penti matailosi. Penti yokhuthala imatseka timabowo timene mawu amalowera. Uzani wopenta asanayambe.

Kuyembekeza kuti mapanelo athetse phokoso la mvula. Mvula ikamagunda malata, dengalo ndi limene limasanduka gwero la phokoso. Chothandiza ndi siling'i yolemererapo, yopanda mipata, yoyalidwa mineral wool pamwamba pake. I-Simpa ya m'malangizo ano siiwerengera zimenezo.

Kugula sipika m'chipinda cha masekondi 2. Mawu amakwera pamodzi ndi mchira wake, ndipo kalasi yoyandikana nayo imayamba kukuwa pobwezera. Konzani chipinda kaye.

Kukhulupirira nambala imodzi ya pa katoni. NRC ndi avereji ya manambala a 250, 500, 1000 ndi 2000 Hz. Zipangizo ziwiri za NRC yofanana zingasiyane kwambiri pa 500 Hz. Funsani tebulo lonse, mufunsenso ngati anayeza chitamatidwa kapena chili ndi mpata kuseri, chifukwa manambala a tailosi yolendewera sagwira ntchito pa tailosi yokhomeredwa pa thabwa.

Kuwerenga manambala ngati kuti ndi sikelo ya golide. Kompyuta ikati 0.62 pa njira ina ndi 0.64 pa inzake, njirazo n'zofanana. Khutu la munthu limayamba kuzindikira kusiyana kwa RT60 pa 5 peresenti, ndipo manambala amene munalowetsa ali ndi kuphonya kwawo koposa pamenepo. Zikafika potere sankhani yotsika mtengo ndi yosavuta kusesa.

Kuika zonse pa khoma limodzi la m'mbali n'kusiya lakumbuyo. Khoma loyang'anizana ndi mphunzitsi ndi limene limabweza mawu mochedwa kwambiri. M'kalasi ya mamita 9, mawu opita kumbuyo n'kubwerera kwa ana akutsogolo amayenda mamita oposa 14, pamene ochokera pakamwa pa mphunzitsi ayenda awiri okha. Bajeti ikakhala ya mapanelo anayi okha, onse apite kumeneko.